VAR isachotsedwe, akonze kalankhulidwe

A Mkonzi,

Amene akuti VAR (njira yothandiza woimbira mpira poonanso kanema wa zomwe zachitika pabwalo) ichotsedwe aone kaye pomwe pamalakwika. Idavomerezedwa mu 2018 kuti izilowerera pa zinthu zinayi: chigoli, penate, khadi lofiira lachindunji, ndi kulanga wosewera wosalakwa m'malo mwa mnzake.

Pa 30 Seputembala 2023, Liverpool ikusewera kwa Tottenham, Luis Díaz wa Liverpool adagoletsa koma wambendera adakweza kuti ndi ofusayidi. Kanema adaonetsa kuti chigolicho chinali chabwinobwino. Wa ku VAR, poganiza kuti pabwalo achivomereza kale, adangouza woimbira kuti wamaliza kuona. Mpira utayambikanso, lamulo silidalole kubwerera m'mbuyo, ndipo Liverpool idagonja 2-1.

Zimenezi zimapweteka, chifukwa makamera adaona zoona. Ndikupempha kuti woimbira aziyamba wanena chomwe wagamula, wa ku VAR azibwereza mawuwo momveka, ndipo mpira usamayambike awiriwo asadamvane.

Wokonda mpira