Kwa mwana wanga ku Florida: za mfuti ukufuna kugula ija

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iweyo, mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, kungoti bondo la amayi ako lija layambiranso ndi kuzizira kwa June. Mankhwala unatumiza aja anafika, tathokoza.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni timadulana mawu, iwe ukakwera ine ndakwera, mayunitsi n'kutha tisanamvane. Mlongo wako wandionetsa zomwe munakangana pa gulu la banja lija pa WhatsApp. Akuti anthu a m'dera lanu akufuna ukhale mmodzi wa olondera usiku chifukwa akuba akuswa magalimoto, ndipo ukuganiza zogula mfuti. Iye atakukumbutsa za Trayvon Martin, unamuyankha kuti khoti linamumasula George Zimmerman, nkhani inatha, anthu amangokonda kulowetsa za khungu paliponse. Mawu amenewo andisowetsa tulo.

Ukudziwa kuti ukalamba wandipeza ndikumasulira milandu m'khoti. Ndaona anthu akutuluka m'chitokosi akumwetulira pamene aliyense m'chipindamo, ngakhale loya wawo yemwe, akudziwa kuti manja awo sali oyera. Ndaonanso ena akulira kupita ku ndende ine mtima ukundiuza kuti apa talakwitsa. Choncho ukandiuza kuti khoti linagamula, ine ndimafunsa kuti: linafunsidwa funso lanji?

Tiye tibwerere ku usiku wa pa 26 February 2012, ku Sanford, komwe sikutali ndi kwanuko. Trayvon, mnyamata wakuda wa zaka 17, anatuluka m'nyumba yomwe ankachezako ndi bambo ake, m'dera lotchingidwa ndi mpanda lotchedwa The Retreat at Twin Lakes, kupita ku sitolo ya 7-Eleven. Anagula maswiti a Skittles ndi chakumwa cha m'chitini. Kunkawaza mvula, iye atavala chipewa cha juzi yake kumutu, akucheza pa foni ndi mnzake Rachel Jeantel. Zimmerman, wa zaka 28, amene ankatsogolera zachitetezo m'deralo, anamuona ali m'galimoto n'kuyimbira apolisi kuti waona munthu wokayikitsa. Foni imeneyo inajambulidwa. Wolandira foniyo anamufunsa ngati akumutsatira mnyamatayo, iye anavomera, ndipo anauzidwa kuti palibe chifukwa choti atero. Patangopita mphindi zochepa anthu anamva kukuwa, kenako mfuti inalira kamodzi. Chipolopolo chinalowa pachifuwa. Trayvon analibe chida chilichonse.

Sindikubisa mbali inayo. Zimmerman anapezeka ndi mphuno yovulala komanso mabala kunkhongo. Ananena kuti mnyamatayo ndiye anamuyamba, namugwetsa n'kumamumenyetsa mutu pa simenti. Mboni ina yoyandikana ndi malowo inati inaona Trayvon ali pamwamba. Mawu okuwa aja anamveka pa foni ya munthu wina amene ankayimbira apolisi, ndipo m'khoti mayi ake a Trayvon anati ndi mawu a mwana wawo, mayi ake a Zimmerman nawonso anati ndi a mwana wawo. Amayi awiri, kulira kumodzi, aliyense akuti ngwanga.

Tsono funso limene amayi 6, anthu wamba amene anasankhidwa kukhala oweruza mlanduwo (jury), anapatsidwa linali lopapatiza kwambiri. Sanafunsidwe ngati kunali kwanzeru kutsika m'galimoto. Sanafunsidwe ngati mwana wa eni ake akanafika kunyumba pakanapanda womutsatira. Anafunsidwa ngati boma latsimikiza, popanda chikayiko chomveka, kuti pa mphindi imene ankawomba mfutiyo Zimmerman sankadziteteza. Amene ankadziwa m'mene ndewu inayambira anali anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali m'manda. Atakambirana kwa maola oposa 16, pa 13 July 2013 anati alibe mlandu. Ine monga munthu wa m'khoti sindinadabwe. Ndinamva kuwawa, koma sindinadabwe. Mmodzi wa amayiwo, wa makolo ochokera ku Puerto Rico, anadzanena yekha pa wailesi ya kanema ya ABC kuti mu mtima mwake Zimmerman anapha munthu n'kupulumuka, koma lamulo m'mene anawafotokozera silinawapatse pomugwirira. Waona? Ngakhale amene anamumasula sananene kuti anachita bwino. Iwe wakhala bwanji wotsimikiza kuposa iwo?

Ukuti za khungu anthu amangozilowetsa. Pali pena pamene ndikugwirizana nawe. Zimmerman mayi ake ndi a ku Peru, si mzungu wa m'nthano za atsamunda. Wailesi ina ya kanema inadula mawu a foni ija moti anamveka ngati anayamba yekha kutchula za khungu pamene anachita kufunsidwa, ndipo inapepesa. Mu February 2015 unduna wa zachilungamo wa dzikolo unatseka kafukufuku wake, unati palibe umboni wokwanira womuzenga mlandu wa chidani cha mtundu. Zonsezo n'zoona. Koma udziwenso kuti woweruza, mayi Debra Nelson, analetsa oimira boma kunena potsegulira mlandu kuti mnyamatayo anakayikiridwa chifukwa cha mtundu wake. Nkhani ya khungu inatsala pakhomo la khoti. Ndiye sungatenge chigamulo cha mlandu umene nkhaniyo sinakambidwemo n'kunena kuti chatsimikiza zoti kulibe.

Anthu amene anadzaza misewu sankangokangana za mphindi ya ndewu ija. Ankafunsa za mphindi yoyamba: mwana akuyenda mumvula ndi maswiti m'thumba, chinamupangitsa kuoneka wokayikitsa n'chiyani? Ankafunsanso chifukwa chake apolisi a ku Sanford anamulola wowombayo kukagona kwawo, mpaka anadzamangidwa pa 11 April, patatha masabata 6, anthu atachita zionetsero. Tembenuza chithunzicho. Mwamuna wakuda wa zaka 28 watsatira mwana wachizungu mumdima, wamuwombera, wauza apolisi kuti ndimadziteteza. Ukuganiza akanagona pa bedi lake usiku umenewo? Usandiyankhe ine, udziyankhe wekha.

Lamulo lija la Stand Your Ground, limene Florida inakhazikitsa mu 2005, limati munthu sakakamizidwa kuthawa ngati ali pamalo pomwe ali ndi ufulu wokhalapo. Maloya a Zimmerman sanalidalire kwenikweni, anati munthu wopanikizidwa pansi alibe kothawira, ngakhale mawu a lamulolo analowa m'malangizo amene oweruza anawerengeredwa. Chimene chimandizunguza mutu ine n'chakuti nayenso Trayvon anali pamalo pomwe anali ndi ufulu wokhalapo. Munthu wosamudziwa akumulondola ndi galimoto, kenako wapansi, usiku. Iye analibe ufulu woopa? Anthu awiri akaopana, lamulo lotere limamvera amene watsala ndi moyo.

Ndipo silimvera onse mofanana. Chaka chomwecho cha 2012, ku Jacksonville, mayi wakuda Marissa Alexander anagamulidwa zaka 20 chifukwa chowomba mfuti kamodzi pokangana ndi mwamuna wake amene iye ankati amamuzunza. Palibe anavulala. Ofesi yomuzenga mlandu inali ya Angela Corey, yemweyo amene anazenga Zimmerman. Chigamulocho chinadzathetsedwa pa apilo, koma zaka zina anali atazidya kale m'ndende. Sindikunena kuti aliyense wopha mwana wakuda amamasulidwa ayi. Michael Dunn, amene anapha Jordan Davis wa zaka 17 pa malo omwetsera mafuta atakangana za phokoso la nyimbo, ali m'ndende moyo wonse. Amene anathamangitsa n'kupha Ahmaud Arbery ku Georgia mu 2020 anapezeka olakwa mu November 2021, koma ukumbukire kuti anakhala miyezi iwiri osamangidwa kufikira kanema wa zomwe zinachitikazo atatuluka. Kanemayo ndiye anayankhula m'malo mwa malemu.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene sindinakuuzepo. Unali wamng'ono nthawi imene umbava unavuta m'tauni muno, zipani zambiri zitangoyamba. Abambo a mu mzere wathu tinagwirizana zolondera usiku mosinthana, wina chibonga, wina chikwanje, ine anandipatsa wezulo. Usiku wina cha m'ma 10 tinaona mnyamata atanyamula chikwama, akuyenda n'kumaima, akusuzumira m'mipanda ya anthu. Mmodzi wa ife anati uyo ndi amene. Ine ndinaliza wezulo. Mwanayo atamva anathawa, ndipo kuthawako kunakhala umboni wathu. Anamugwirira pa ngalande ija ya kuseri kwa chigayo. Pamene ndinkafika, mano awiri akutsogolo anali atachoka, akulira kutchula dzina la azakhali ake. Titatsegula chikwama tinapezamo mbatata, kathumba ka mtedza ndi yunifolomu ya sukulu. Anali atatsika basi mochedwa kuchokera kumudzi, akufunafuna nyumba imene anangoilongosoleredwa pakamwa. Azakhali akewo tinkapemphera nawo mpingo umodzi.

Ine sindinamumenye. Ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zonsezi, koma wezulo ndinaliza ndine. Palibe khoti linatizenga, ndipo likanatizenga mwina tikanapulumuka, pakuti mumdima ndani akanaloza kuti chibonga chinali cha uje? Ndimadzifunsa kuti pakanakhala mfuti pakati pathu usiku umenewo, bwenzi tikunena zotani lero. Tonse tinali akuda, iye ndi ife. Chimene chinamupweteketsa n'chakuti anali nkhope yachilendo pamalo pomwe anthu anali atatopa ndi kuberedwa. Kumeneko kusiyana kwake n'kwakuti khungu ndilo limamuika munthu m'gulu la alendo, ngakhale anabadwira mu msewu womwewo. M'dera la Zimmerman namonso munali mutachitika umbava, monga kwanuko lero. Mtima umene ukukutuma kukagula mfuti ndikuudziwa bwino, ndinali nawo.

Pa za ulondazo sindikuletsa. Mudzi umasungidwa ndi eni ake, ndipo n'zonyaditsa kuti anzako akukudalira. Koma ntchito yake ndi maso ndi foni basi. Mayi wa ku polisi ya Sanford amene anathandiza kukhazikitsa gulu la Zimmerman anachitira umboni m'khoti kuti ankawauza zomwezi: ukaona chokayikitsa imba foni, osatsatira munthu. Akanamvera, bwenzi dzina lake sitikulidziwa n'komwe. Galasi la galimoto limagulidwa lina.

Za mfutizo ndiye ndikukupempha, monga bambo ako, uzisiye. Ndamva kuti kuyambira July 2023 ku Florida munthu atha kuyenda ndi mfuti yobisa popanda chiphaso chapadera, ndiye ukuona ngati n'chinthu chopepuka ngati kugula tochi. Munthu wopanda mfuti akaona zokayikitsa amakhala m'galimoto. Wa mfuti amatsika. Komanso iwe si Zimmerman. Apolisi akafika usiku n'kupeza mwamuna wakuda ali ndi mfuti m'manja, sayamba ndi kufunsa ngati ndiwe wa komiti ya chitetezo. Philando Castile ku Minnesota mu 2016 anali ndi chiphaso cha mfuti yake, anamuuza yekha wapolisi mwaulemu kuti ali nayo, koma anawomberedwa ali pa mpando wa galimoto chibwenzi chake ndi kamwana ali momwemo, n'kumwalira. Wapolisiyo khoti linamumasula chaka chotsatira. Pamenepo udzanenanso kuti nkhani inatha?

Pali kamtima kena kamene ndimakamva mwa ena a inu amene munapita kumeneko mutakula, koti ife ndi ochokera ku Africa, ndife ophunzira, mavuto a akuda a konkuno satikhudza. Chaona mnzako chapita, mwana wanga. Mumdima palibe amaona digiri yako. Barack Obama ali pulezidenti ananena kuti akanakhala ndi mwana wamwamuna akanafanana ndi Trayvon. Ngati mwini White House anadziona m'nkhaniyi, iwe wadzichotsamo bwanji? Mdzukulu wanga wakwanitsa zaka 16, pa chithunzi chija wakupitirira kale msinkhu, ndipo juzi ya chipewa ndi imene amakonda. Kwa ife ndi kamwana kaja kankalira tikakabisira shuga. Kwa munthu wamantha amene ali m'galimoto ndi mfuti, ndi chimwamuna chachilendo.

Ukhale naye pansi. Umuuze kuti akaona wina akumutsatira asatembenuke kukafunsa chifukwa, ngakhale ali ndi ufulu wonse wofunsa. Alowe powala, pamene pali anthu, akuyimbire iwe kapena ayimbe 911. Adzakwiya, adzati bwanji ndizithawa pamene sindinalakwe, ndipo adzakhala akunena zoona. Usamutsutse. Umuuze kuti agogo ake akuti afike kaye kunyumba, zokwiyazo mudzakwiyira limodzi pa tebulo. Zimandiwawa kulemba zimenezi, pakuti ine ndinakulera iwe kuti uziyenda chowongoka.

Ndipo popeza anthu a m'deralo akukudziwa tsopano, mutenge mwanayo uyende naye khomo ndi khomo, makamaka kwa amene mukalondere nawo limodzi. Amuone masana, amugwire chanza, adziwe dzina lake ndi nyumba imene amachokera. Uwafunsenso anzakowo, maso ndi maso, kuti ndani mwa iwo amayenda ndi mfuti pa ulondapo. Yankho lakelo undiuze.

Mlongo wako umuyimbire, unamuyankha mwaukali pagulu pali ana. Amayi ako akuti Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tidzakhala tikudikira foni, ndipo mnyamatayo adzakhalepo, akufuna amve ngati Chichewa chija chikadalimo m'kamwa.

Ndine bambo ako.