Kalata ya Abusa: Za Mesiya, Ayuda ndi Chiombolo Chochuluka

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, achinyamata ndi nonse a m'zigawo zathu za Matero, Lilanda ndi George, mtendere wa Mulungu ukhale nanu.

Loweruka lapitali ndinakhala kumbuyo m'tchalitchi pamene achinyamata ankakonzekera sewero la Lachisanu Loyera. Ana athu akuyesetsa ndithu. Koma wofotokoza nkhani ananena kuti Ayuda ndi anthu ouma mitu, anakana Mesiya wawo, ndipo Mulungu anawataya. Mawu amenewa anandibaya mumtima. Mwanayo sindikumudzudzula, chifukwa anawamva kwa ife akuluakulu. Paja amati make mbuu, mwana mbuu.

Mawu akuti Mesiya ndi achiheberi, ndipo amatanthauza wodzozedwa. Khristu ndi mawu omwewo m'Chigriki. Samueli anadzoza Davide ndi mafuta, ansembe nawonso ankadzozedwa, ndipo pa Yesaya 45:1 ngakhale Koresi, mfumu ya Perisiya, akutchedwa wodzozedwa wa Yehova. Choncho Myuda akamayembekeza Mesiya, amayembekeza munthu wa m'banja la Davide amene adzasonkhanitse Aisraeli obalalika, adzamangenso Kachisi amene Aroma anagumula m'chaka cha 70, ndi kubweretsa mtendere wooneka ndi maso. Amawerenga Yesaya 2:4, pamene akuti anthu adzasula malupanga awo kukhala zolimira, kenaka amayang'ana dziko ndi kufunsa kuti, kodi malupanga aja asulidwa?

Abale anga, limeneli si funso la munthu wouma mutu. Ophunzira awiri aja a pa njira ya ku Emau anadandaula chimodzimodzi: tinkayembekeza kuti Iye ndiye adzaombole Israeli. Ngakhale Yesu atauka, atumwi anamufunsabe pa Machitidwe 1:6 ngati nthawi yobwezera ufumu kwa Israeli yakwana. Komanso Ayuda anapwetekedwapo. M'chaka cha 132 mtsogoleri wina, Bar Kokhba, anaukira Aroma, ndipo Rabbi Akiva, mphunzitsi wolemekezeka, anamuyesa Mesiya. Pofika 135 nkhondoyo inathera m'mwazi. Koma chiyembekezo sichinafe. Mphunzitsi wawo wamkulu Maimonides, amene anamwalira mu 1204, anaika kudza kwa Mesiya pakati pa mfundo 13 za chikhulupiriro chawo, ndipo mpaka lero ambiri amavomereza kuti ngakhale achedwe, adzamudikirabe.

Ife tikuti Mesiya anabwera, ndipo ndi Yesu wa ku Nazarete. Pamenepa sindibweza mawu, ndipo sindifuna kuti wina aganize kuti kusiyanaku ndi kochepa. Yesaya 53 Ayuda ambiri amamumva kuti akunena za mtundu wa Israeli wozunzika. Ife timamumva monga Filipo anafotokozera mdindo wa ku Itiyopiya uja m'galeta, kuti mtumiki wolasidwa chifukwa cha zolakwa zathu ndi Yesu. Tikuti ukapolo woyamba kuuthyola unali wa tchimo ndi imfa, ndipo mtendere wa mitundu yonse udzakwanira pakubweranso kwake. Ndiye kuti nafenso ndife odikira. Amene munaika m'bale wanu ku manda a Chingwere chaka chino mukudziwa kuti misozi sinapukutidwe yonse.

Tsono pali mawu amene ife ndi Ayuda timapemphera tonse, Salmo 130:7: kwa Yehova kuli chifundo, ndipo kwa Iye chiombolo n'chochuluka. Ndikufuna tikhazikike pa mawu amenewa.

Kuombola timakudziwa kuno ku Lusaka. Munthu watenga kaloba, wasiya mashini ake osokera ngati chikole, mwezi watha, chiwongoladzanja chakula, ndipo ndalama alibe. Ndiye amabwera malume ake, kulipira ngongole yonse, ndi kusenza mashiniwo kubwerera nawo kunyumba. Levitiko 25 akulamula zomwezo, kuti wachibale aombole munda wa m'bale wake wosauka, kapena m'baleyo mwini akadzigulitsa. Ndi zimene Boazi anachitira Naomi ndi Rute. Ndipo taonani, Rute anali Mmowabu, mlendo, koma analowa m'banja limene munatuluka Davide. Wamasalmo akuti muomboli wathu salipira mokakamizika kapena moyeza ndi supuni. Mayi wa ku msika wa Soweto akamakuyezerani nyemba pa meda, amadzaza mpaka kusefukira, n'kuikanso mbasela pamwamba. Mulungu amapatsa koposa pamenepo. Ife a mitundu ina tinalowa chifukwa cha kusefukira kumeneku. Nanga tinganene bwanji kuti kwa eni lonjezo chifundo chinatha?

Paulo anafunsa funso lomweli pa Aroma 11:1, ngati Mulungu anataya anthu ake, ndipo anayankha kuti msatero ayi. Akuti ife ndife nthambi za mtengo wa azitona wakuthengo zomezanitsidwa pa mtengo wa m'munda, ndipo si ife tinyamula muzu, koma muzu ndiwo utinyamula. Pa vesi 29 akuti mphatso ndi mayitanidwe a Mulungu sizisinthika. Yesu mwini, Mariya, Petro ndi Paulo onse anali Ayuda. Anapereka chilango cha mtanda ndi Pilato, kazembe wa Roma, ndipo nyimbo zathu zimavomereza kuti anamupachikitsa ndi machimo athu.

Mawu onyoza amabala zipatso zowawa. Kwa zaka mazanamazana Akhristu a ku Ulaya ankanena zimene ndinamva m'sewero muja, ndipo nthaka imeneyo ndiyo inameretsa chidani chimene chinapha Ayuda okwana 6 miliyoni m'nthawi ya Hitler. Kuno kwathu Ayuda si anthu a m'mabuku okha. Simon Zukas, Myuda amene anabadwira ku Lithuania, anathamangitsidwa m'dziko lino ndi boma la atsamunda mu 1952 chifukwa choima pamodzi ndi anthu akuda pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anabwerera titalandira ufulu, natumikira Zambia mpaka imfa yake mu 2021.

Ndakambirana ndi atsogoleri a achinyamata, ndipo agwirizana nane kuti mawu aja achotsedwe m'sewero. M'malo mwake wofotokoza nkhani adzawerenga Salmo 130 yonse. Pa mapemphero a m'zigawo Lachitatu lino, ndikupempha akulu a mpingo atsogolere kuwerenga Aroma 9 mpaka 11, pang'onopang'ono, osalumpha mavesi ovuta. Amene muli ndi mafunso mundipeze ku ofesi Lachinayi masana, tidzatsegule Baibulo pamodzi.

Ine wanu mu utumiki wa Khristu,
Mbusa wanu