Injini ya njinga yamoto ikafa tiyambe taitsegula tisanaitaye

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi eni njinga zamoto zoyenda m'misewu ya fumbi ndi m'mapiri, monga Yamaha DT125, Yamaha AG200 ndi Honda XL125, zomwe kwa zaka zambiri zakhala zikufikitsa alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'mabungwe kumidzi komwe galimoto sifika nthawi ya dzinja. Ine ndine makaniko, ndipo chimandiwawa kuona njinga zotere zitaimikidwa kuseri kwa maofesi ndi m'makhonde, matayala ataphwa, chifukwa choti wina ananena kuti injini yafa, chikhalirecho palibe amene anaimasula kuti aone chawonongeka.

Injini ikagwira kapena ikanoka, kawirikawiri vuto limakhala pamwamba, pomwe pali pisitoni, maring'i ndi silinda. Pisitoni ikatentha kwambiri imakanirira ndi kukanda khoma la silinda, ndipo njinga imazima mwadzidzidzi, kiki osatsikanso. Vuto limeneli ndi lokonzeka. Silinda za njinga zakale ngati DT125 yozizira ndi mphepo zili ndi chitsulo mkati, choncho zimatheka kuzikuza pang'ono pa makina n'kuikamo pisitoni yokulirapo, ndipo mapisitoni amenewa amabwera m'masayizi owonjezera 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00 mm, kutanthauza kuti silinda imodzi ikhoza kukonzedwa kangapo isanathe ntchito. Chofunika n'chakuti mwini agule kaye pisitoni ndi kuipereka limodzi ndi silinda kwa wa makina, kuti ayeze mpata wake molondola. Njinga zatsopano za mpikisano n'zosiyana, pakuti silinda zake zambiri zimakutidwa mkati ndi chikutiro chopyapyala cholimba chotchedwa Nikasil, ndipo zikakandika zimafuna kukutidwanso, kuikidwa chitsulo chatsopano mkati kapena kugula ina.

Vuto likafika pansi nkhani imakula. Kumeneko kuli crankshaft (chitsulo chozungulira chomwe pisitoni imayendetsa), con rod (mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft) ndi mabeling'i, ndipo zizindikiro zake ndi phokoso logogoda komanso tizidutswa ta chitsulo mu oyilo. Njinga yomwe yamwa madzi powoloka mtsinje, mwini wake n'kuikakamiza kuliza, imapinda con rod chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya. Crankshaft ya njinga zimenezi inalumikizidwa ndi mphamvu ya pulesi, motero imamasulidwa ndi kubwezeretsedwa pa pulesi, kenako n'kuyezedwa kuti izungulire mowongoka. Amakaniko anzanga, ntchito imeneyi si ya hamala ndi chitsa pansi pa mtengo wa mango. Crankshaft yokhota imadya mabeling'i atsopano msanga, ndipo kasitomala amalipira kawiri. Komabe bokosi la injini likakhala losasweka ndipo magiya ali bwino, ine ndimalangiza kukonza, chifukwa injini ya ku Japan yomangidwanso ndi masipeyala enieni imapirira kuposa zambiri zomwe anthu amathamangira kugula.

Pali nthawi yomwe kukonza kumakhala kutaya ndalama, makamaka con rod ikaduka n'kuboola bokosi, kapena pa injini ya mavavu ngati AG200 vavu ikathyoka n'kuphwanya hedi (chivundikiro cha silinda) ndi pisitoni limodzi. Apo mwini ayenera kuwerengera mtengo wa masipeyala onse ndi wa ntchito, ndipo akaona kuti ukuyandikira mtengo wa injini ina yathunthu, kusintha kuli bwino. Injini yogwirapo kale ntchito ya mtundu womwewo ndiyo imalowa popanda kudula chilichonse, koma asailipire asanaimve ikulira, asanayeze kompuresheni (mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda) ndiponso asanaone oyilo wake.

Ena amasankha injini yatsopano ya ku China, monga Lifan ya 125 kapena 150, poti ndi yotsika mtengo ndipo masipeyala ake ali paliponse chifukwa cha njinga za kabaza. Sindikuinyoza njira imeneyi, koma anthu adziwe kuti mabowo omangira sagwirizana ndi felemu ya Yamaha, mawaya amasiyana, ekizozi imafuna kusintha, ndipo siproketi yakutsogolo ikapanda kulunjika ndi yakumbuyo tcheni chimadumpha pa chitunda munthu atanyamula katundu. Felemu yowotcherera mwachisawawa imathyoka pa mabampu, ndipo pamenepo chili pachiswe ndi moyo wa wokwera.

Aliyense wosintha injini akumbukirenso kuti nambala yake inalembedwa pa bulu buku. Atenge lisiti kwa wogulitsa, atsimikize kupolisi kuti injiniyo si yobedwa, kenako akadziwitse a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi njinga. Kuba njinga zamoto kwachuluka, ndipo injini yotsika mtengo modabwitsa ikhoza kumugonetsa munthu m'chitokosi.

Kaya mwakonza kaya mwasintha, funsani makaniko wanu chimene chinapha injini yoyambayo, pakuti chikatsala chidzaphanso yachiwiri. Pa DT125 nthawi zambiri ndi thanki ya oyilo wa 2T (oyilo wa injini wopsa limodzi ndi petulo) yomwe inauma, kapena pampu ya oyiloyo, yotchedwa Autolube, yomwe inasiya kupopa. Pa zina ndi fyuluta ya mpweya yong'ambika yomwe imalowetsa fumbi la mwezi wa Okutobala mpaka kudya maring'i, oyilo wosasinthidwa, kapena petulo wa m'zigubu wosakanizidwa ndi zina. Pempho langa kwa maofesi ndi mabungwe ndi lakuti asanagulitse njinga zawo ngati zitsulo, aitane makaniko wodziwa ntchito azimasule ndi kulemba chowonongeka pa iliyonse pamodzi ndi mtengo wake, ndipo kuofesi za kumidzi kuzikhala oyilo ndi mafyuluta osungiratu kuti mlangizi asamayende ndi njinga youma podikira kalata yochokera ku boma.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wa njinga zamoto,
Mchinji