Zikomo amisiri, Brown Bess yanga yayambanso kulira

Okondedwa amisiri nonse a pa shopu,

Kalata ya chizungu ndinakutumizirani kale koma ndati ndilembenso ina mu Chichewa, chifukwa ine kuthokoza kochokera pansi pamtima kumatuluka bwino mchiyankhulo cha amayi anga, komanso ndikufuna abale tili nawo kuno ku UK amve zomwe munandichitira.

Mfuti ija mukuikumbukira, Brown Bess ya India Pattern, mtundu womwe asilikali a Britain anali nawo ku Waterloo mu 1815. Yangayi si yakale ayi, ndi yongotengera, yopangidwa ku India masiku ano omwe, ndipo ndinagula chifukwa chotchipa basi poti za ku Italy zija mtengo wake thumba langa linakana. Ndili mgulu la anthu omwe timavala mayunifomu akale nkumayerekeza nkhondo za nthawi ya Napoleon, timangothira onga opanda chipolopolo. Kumudzi ndikawauza amaseka, amati iwe wapita ulendo wonsewo kukasewera ndi gogodela?

Ndiye vuto linali lakuti siinkayaka. Anzanga onse pamzere akuti phuu utsi tolo, yanga kungoti kwa, zii. Ndinasintha mwala woyatsira onga katatu, ndinasintha kachikumba kogwira mwalawo, ndinautembenuza chadodolido, koma pa maulendo asanu mwina kuthetheka kamodzi, nako kofooka ngati machesi onyowa. Manyazi ake osanena.

Chomwe ndikuthokozera kwambiri ndi momwe munailandirira. Wina anali atandiuza kale kuti zotchipazi nzongopachika pakhoma, ukataye. Inu munayamba mwaona setifiketi yanga yondilola kusunga mfuti ndi zidindo za pa mpope za ku Birmingham Proof House, komwe amayesa kulimba kwa mfuti, kenako bambo achikulire aja anamasula loko yonse, chigawo cha tizitsulo toyatsa mfuti chija, nkuyala tizidutswa patebulo ine ndikuona. Anatenga tupa nkukhudza pa frizzen, kachitsulo kamene mwala umamenya kaja, tupa nkudya bwinobwino ngati akupala chinangwa. Ndi pomwe anandifotokozera kuti chitsulo cholimba bwino tupa amangoterereka, ndipo moto umene timauonawo si wa mwala koma ndi tizinyenyeswa tachitsulo tomwe mwala wasenga titapsa. Chitsulo chikakhala chofewa mwala umangokumba mizere, moto osatuluka. Zaka zonsezi ine ndinkaimba mlandu mwala, kkkk. Frizzen ija munaiotcha mpaka psuu, kuiziziritsa, nkuibweza pamoto pang'ono kuti isamaphwanyike ngati galasi.

Koma nkhani yomwe inandiumitsa pakamwa ndi ya sear ndi tumbler, tizitsulo ta mkati mwa loko tomwe timakolana kuti mfuti isawombe yokha, nkhani yomwe sindinabwerere nkomwe. Munapeza kuti mano a half cock, pomwe chogwira mwala chija chimaima pakatikati kuti mfuti isawombe, anali atadyeka moti kungoigwedeza mwamphamvu ikanatha kudumpha yokha. Kwa osadziwa, pothira onga mfuti imakhala pa half cock, umayamba wathira pang'ono mu pan, kambale ka pambali pa mpope kaja, kenako otsalawo kukamwa kwa mpope, ndiye dzanja lako lili pomwepo, nkhope pafupi, mnzako waima pambali. Tangoganizani mukanangolimbitsa frizzen yokha nkundibwezera, mfuti yoyaka bwino koma yodumpha yokha. Munandiimbira foni kaye musanachite kanthu, kundiuza mtengo, osati zongomva pa risiti tsiku lotenga. Munasongolanso manowo nkuwalimbitsa, ndipo sipuling'i yaikulu ija yomwe inkakhula thabwa mkati munaipalira malo pang'ono.

Loko yatsopano mukanatha kundigulitsa ndipo ine sindikanatsutsa, sindikanadziwa nkomwe. Munati iyi ichira.

Loweruka lapitali tinali kubwalo, ndinawomba kakhumi ndi kawiri, inakana kamodzi kokha, nako kunali kulakwa kwanga, ndinaiwala kupukuta mwala utada ndi mwaye. Malangizo anu aja ndawasunga, mafuta mkati mwa loko pang'ono chabe koma pankhope pa frizzen osayerekeza, komanso kutsuka tsiku lomwelo poti zotsalira za onga zimakoka chinyezi dzimbiri nkuyamba.

Ndibweranso nayo nyengo ya masewera ikatha kuti mudzaionenso sear ija monga munanenera. Pali mnzanga wina yake ikuchitanso zomwezi, ndamuuza kale njira. Mundiperekere moni kwa bambo achikulire aja, muwauze kuti tupa uja ndagula wanga.

Ine kasitomala wanu,
uja wa Brown Bess yotchipa