Ofuna mpando mu khonsolo ya koleji ayambe akonza kaundula

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi achinyamata amene angolandira kumene madigiri ndi madipuloma m'makoleji a muno mu Lilongwe, makamaka amene akufuna kuti mmodzi wa iwo akakhale mu khonsolo yoyendetsa koleji, kukaimira anzake amene anamaliza nawo. Maganizo amenewa tikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene chaka chatha ankakanganirana mpando m'kalasi, ndipo lero akuyenda ndi envulopu ya khaki m'maofesi a ku City Centre kufunafuna ntchito, akudziwa bwino ngati zimene anaphunzira zikugwirizana ndi zimene mabwana akufuna. Mamembala ambiri a khonsolo anachoka pasukulu kalekale, ndipo zinthu zotere amangozimva m'malipoti. Komabe nkhawa yathu ndi yakuti anthu amathamangira kampeni asanadziwe n'komwe ngati mpandowo ulipo.

Khonsolo sikhala ngati komiti ya chikwati, yoti aliyense wofunitsitsa alowamo. Yunivesite ya boma iliyonse ili ndi lamulo lake lochokera ku Nyumba ya Malamulo. La LUANAR, yunivesite ya zaulimi imene inaphatikiza koleji ya Bunda ndi ya Natural Resources College (NRC), ndi la 2011. La KUHeS, yunivesite ya zaumoyo imene ili ndi nthambi yake pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ndi la 2019, ndipo sukuluyi inayamba kuyenda payokha mu 2021 itapatukana ndi University of Malawi. Lamulo lotere ndilo limatchula amene akhale mu khonsolo, amene amawasankha, ndi zaka zimene akhalemo. Makoleji oima paokha ndi a mipingo ali ndi malamulo awo olembedwa, ndipo kawirikawiri mawu omaliza amakhala ndi eni ake kapena sinodi. Pezani chikalata chimenechi, muwerenge gawo lonena za khonsolo mzere ndi mzere musanasindikize chithunzi cha munthu aliyense.

Mukawerenga mupeza chimodzi mwa zinthu izi. Mwina mpando wa ophunzira akale ulipo kale, koma umadzera ku bungwe lawo. Zikatero njira yanu ndi kulowa m'bungwelo, kupereka ndalama ya umembala, ndi kukapempha pa msonkhano wake waukulu kuti mpandowo, kapena wachiwiri wake, uzipita kwa munthu amene sanathe zaka zitatu chimalizireni sukulu. Mwina lamulo limalola khonsolo kuitana munthu wapadera kuti azikhala nawo. Apa mufunse msanga ngati woitanidwayo amavota kapena amangolankhula, chifukwa ambiri amasangalala ndi kalata yowaitana, n'kudzazindikira tsiku lovotera fizi kuti dzanja lawo siliwerengedwa. Ngati lamulo silinena chilichonse, dziwani kuti khonsolo singadzipangire yokha mpando wovota. Kusintha lamulo la yunivesite ya boma n'kwa aphungu, kudzera ku unduna woona za maphunziro, ndipo sizitheka chaka chimodzi. Poyembekezera, pemphani malo mu komiti yoona za moyo wa ophunzira. Kumeneko n'kosavuta kulowa, ndiponso nkhani zambiri zimapsera ku makomiti zisanafike pa tebulo la khonsolo.

Pempho lipite kwa rejisitara, amene kawirikawiri ndiye mlembi wa khonsolo. Likhale la tsamba limodzi kapena awiri, litchule gawo la lamulo limene mukudalira, ndipo mayina a osayinira akhale ndi nambala zawo za kusukulu. Tengani makope awiri, ina aidinde chidindo cha tsiku limene mwapereka, mubwerere nayo. Funsaninso tsiku lomaliza lolandirira nkhani za msonkhano wotsatira. Makhonsolo ambiri amakumana kamodzi pa miyezi itatu, choncho kalata ikachedwa ndi masiku awiri okha, mwataya miyezi itatu.

Tsopano tifike pamene zinthu zimawonongekera kwenikweni, pa chisankho. Chizolowezi n'chakuti anthu amavota pa gulu la WhatsApp. Gulu lotero si kalasi yanu. Mumakhala amene anasiyira sukulu panjira, amene akubwereza chaka, amene ali ndi manambala awiri a foni, pomwe amene anabwerera kumudzi ku Kasiya kapena ku Malingunde ndipo alibe ya bandulo mulibemo. Woyang'anira gulu angathenso kuchotsa kapena kulowetsa anthu usiku mawa lake kuli voti. Wopambana mwa njira imeneyi akafika pa khomo la khonsolo, kalata imodzi yokha ya wodandaula imakwanira kumubweza, ndipo akuluakulu amapeza chifukwa chonenera kuti achinyamata sanakhwime.

Kaundula weniweni muli naye kale m'nyumba zanu. Ndi kabuku kaja amagawa tsiku la mwambo wolandira madigiri, kamene kali ndi dzina la aliyense amene seneti, bungwe loona za maphunziro pakoleji, inavomereza kuti wamaliza. Yambirani pamenepo. Dzina lililonse lilumikizidwe ndi nambala yake ya kusukulu ndi nambala imodzi ya foni. Kaundulayo aikidwe poyera masiku 14 kuti amene dzina lake lasowa kapena lalakwika adandaule, kenako atsekedwe, osawonjezeranso munthu ngakhale atakhala mnzanu wapamtima. Oyendetsa chisankho akhale anthu atatu kapena asanu amene sakupikisana nawo, ndipo ngati n'kotheka pakhale mmodzi wochokera ku ofesi yoona za ophunzira ngati mboni. Wofuna kuima abwere ndi anthu osachepera 20 omuvomereza, ochokera m'mafakalite osiyanasiyana, kuti fakalite yaikulu isamangodzisankhira wake chaka ndi chaka. Kuvota kukhale kwa masiku awiri kapena atatu, limodzi likhale Loweruka, ndipo uthenga wamba wa pafoni uloledwe kwa amene alibe intaneti. Gwirizananinso chisankho chisanayambe kuti pakufunika ovota angati kuti zotsatira zikhale zomveka. Ngati munamaliza anthu 900 koma avota 60, wopambana ndi mavoti 25 sangaime pamaso pa khonsolo n'kunena kuti akulankhulira kalasi yonse.

Sankhani anthu awiri, mwini mpando ndi womugwirizira, mmodzi wamkazi wina wamwamuna. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo linaika muyeso wakuti pa maudindo a boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100, ndipo palibe chifukwa choti inu mutsalire m'mbuyo. Womugwirizira ndi wofunikanso pa chifukwa china: womaliza kumene sukulu sakhazikika. Lero ali ku Area 25, mwezi wamawa wapeza ntchito ku Karonga kapena mwayi wa maphunziro kunja. Nthawi yokhala pampando ikhale zaka ziwiri. Chaka chimodzi ndi misonkhano inayi yokha, ndipo iwiri yoyamba imathera pophunzira kawerengedwe ka mapepala.

Kwa opikisana, chonde musalonjeze zimene khonsolo ilibe nazo mphamvu. Mamalikisi osowa, mayeso obwereza ndi kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera ndi nkhani za seneti. Ngongole za ophunzira zili ndi bungwe lakelake limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo khonsolo singakhululukire munthu ngongole imeneyo. Kuvomereza makoleji ndi maphunziro awo ndi ntchito ya NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite. Khonsolo imagwira bajeti, fizi, katundu ndi malo a koleji, zomangamanga, kulemba akuluakulu ntchito, ndi kuonetsetsa kuti oyendetsa koleji akuchita zimene analonjeza. Izi si zochepa ayi. Simungakonze malikisi a mnzanu, koma mungafunse kuti ndi anthu angati amene sanalandirebe satifiketi kapena transcript patatha miyezi isanu ndi umodzi chichitikire mwambo, ndipo mungapemphe kuti chiwerengero chimenechi chizibwera pa msonkhano uliwonse mpaka chitatsika. Mungafunse ngati pulogalamu yatsopano yavomerezedwa ndi NCHE ndi bungwe loyang'anira ntchitoyo, monga la anamwino ndi azamba, ophunzira asanayambe kulipira fizi. Funso limeneli lokha likhoza kupulumutsa ana a eni ake ku zaka zinayi zophunzira pepala limene sangalembetsere nalo ntchito.

Mapepala a msonkhano amabwera ochindikala, nthawi zina patangotsala masiku ochepa. Musayambire patsamba loyamba. Yambani ndi maminitsi a msonkhano wapita ndi ndandanda wa zimene anagwirizana kuchita, muone zimene zalembedwa kuti zikuchitikabe kachitatu motsatizana. Kenako pitani ku lipoti la komiti ya zachuma, muone ngongole zimene koleji ili nazo kwa ogulitsa katundu, fizi imene sinatoleredwe, ndi zimene maodita anadandaula. Manambala akakuvutani, pemphani mkulu wa zachuma kuti akufotokozereni msonkhano usanafike. Safunsa anadya phula. Ngati simukugwirizana ndi chigamulo, nenani momveka kuti kukana kwanu kulembedwe m'maminitsi, ndipo pa msonkhano wotsatira muonetsetse kuti kwalembedwadi musanavomereze maminitsiwo.

Pali mayesero awiri amene sitingawabise. Loyamba ndi ntchito. Wokhala pampandowu nthawi zambiri amakhala lova, ndipo mbali inayo ya tebulo kwakhala anthu amene angamulembe ntchito pakoleji pomwepo. Akangoponya kalata yofunsira ntchito kumeneko, pakamwa pake patsekeka. Lembani m'malamulo anu kuti wofunsira ntchito kapena bizinesi pakolejipo aulule msanga, atuluke nkhaniyo ikamakambidwa, ndipo akalembedwa ntchito atule pansi udindo. Alawansi ya msonkhano, kumene imaperekedwa, aziinena poyera kwa amene anamusankha. Lachiwiri ndi foni. Kujambula pepala la khonsolo n'kuliponya pa Facebook msonkhano uli m'kati kumaoneka ngati kulimba mtima, koma muli nkhani za anthu odwala, milandu ya ogwira ntchito ndi mitengo ya makontirakitala zimene n'zachinsinsi pa zifukwa zomveka. Membala akaulula zoterezi amachotsedwa, ndipo mpando umene munauvutikira umatsekedwa kwa amene akubwera pambuyo panu. Njira yoyenera ndi kugwirizana ndi mlembi wa khonsolo pa zimene zingalengezedwe, n'kulembera anzanu lipoti la tsamba limodzi pasanathe masiku 14. Zimene zikubisidwa popanda chifukwa, aliyense wa inu angathe kuzipempha kudzera m'lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Tikupemphanso zipani zandale kuti ziutalikire mpando umenewu. Munthu amene wagulidwira bandulo ndi malaya a kampeni amakafika mu khonsolo ali ndi ngongole kale.

Pomaliza tikupempha apampando a makhonsolo ndi marejisitara a muno mu Lilongwe: achinyamatawa akabwera ndi kalata yosayinidwa bwino ndi kaundula womveka, ayankheni molemba, mutchule tsiku limene nkhani yawo ikambidwe. Ndipo amene asankhidwe mumupatse tsiku limodzi lathunthu lomuphunzitsa lamulo la koleji, kawerengedwe ka bajeti ndi ntchito za makomiti asanakhale pa msonkhano wake woyamba.

Ndife,
Ena mwa ophunzira akale a m'makoleji,
Lilongwe