Pempho: tithandizeni, ana athu akufuna kulemba za mfundo m'Chichewa

Makolo, mafumu, ndi inu ana akuno amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, landirani moni wa komiti ya sukulu yathu ya sekondale yoyendera, kuno kunyanja m'boma la Nkhotakota.

Tabwera ndi nkhani ya mfundo. Sitikunena mfundo za pamsonkhano ayi, koma za chingwe. Aphunzitsi a masamu atayamba kuifotokoza tinaseka, mpaka wina anati, "Aphunzitsi, mwana wa msodzi n'kumuphunzitsanso mfundo?" Iwo sanayankhe. Anatulutsa kachingwe ka nayiloni, n'kumanga mfundo wamba ija, kenaka n'kuwotcha nsonga ziwiri ndi machesi kuti zigwirane. "Imasuleni, koma osadula." Kachingweko kanazungulira tebulo lonse, aliyense kukapotokola mbali yake, koma malo atatu amene kanapingasana sanachepe. Akatswiri amati imeneyo ndi trefoil, mfundo yoyamba pam'ndandanda wawo.

M'ndandandawo ndi wakale. Peter Guthrie Tait wa ku Scotland anauyamba m'zaka za m'ma 1870, potsatira maganizo a wasayansi mnzake Lord Kelvin akuti mwina maatomu ndi timfundo. Maganizowo anafa, koma ntchito yowerenga mfundo inatsala. Zopingasana katatu ilipo imodzi, kanayi imodzi, kasanu ziwiri, koma mukafika pa 10 zilipo 165, osawerengera zopangidwa pophatikiza mfundo ziwiri kapena zingapo. Zonsezi zili pa intaneti pa Knot Atlas, nkhokwe imene anayambitsa Dror Bar-Natan wa ku yunivesite ya Toronto, ndipo anaipanga ngati Wikipedia kuti anthu ambiri aziikamo zimene akudziwa. Vuto ndi lakuti zonse zili m'Chingerezi cholimba.

Chimene chinatigwira mtima ndi nkhani ya Kenneth Perko, loya wa ku New York. Mu 1974 anasonyeza kuti mfundo ziwiri zopingasana ka 10, zimene mabuku ankati n'zosiyana kwa zaka zoposa 70, ndi mfundo imodzi yomweyo. Loyatu ameneyo. Nanga mwana amene wakulira pa ukonde wa chilimira angalephere kuikapo dzanja?

Ana a kalabu ya masamu akufuna kulemba masamba a mfundozi pa Wikipedia ya Chichewa, ndi zithunzi zojambula okha, kuyambira zopingasana katatu mpaka ka 7, zomwe zonse pamodzi ndi 14. Akufunanso kutenga mfundo za padoko ndi za kudimba, kulumikiza nsonga zake, n'kufufuza kuti iliyonse ikugwera pati pam'ndandanda. Chitsanzo aona kale. Pali mfundo ziwiri zomangira mtolo wa nkhuni zooneka ngati mapasa, ina imagwira, ina imapulumuka panjira. Masamu akuti zonse ndi ma trefoil awiri ophatikizana, kungoti m'mfundo yogwirayo trefoil mmodzi wayang'ana kumanja wina kumanzere, pamene m'yopulumukayo onse ayang'ana kumodzi.

Pakali pano kalabu yonse imadalira foni imodzi ya aphunzitsi, yomwe imakatchajidwa ku msika. Ana amaunjikana pakagalasi kang'ono, mitu kugundana, bandulo n'kutha chithunzi chisanatseguke.

Choncho tikupempha laputopu imodzi kapena ziwiri, ngakhale zakale bola zikuyaka, kasola ndi batire, komanso wina wodzipereka kumatigulira bandulo mwezi ndi mwezi kwa temu imodzi. Ngati munaphunzira masamu ku koleji, tikufuna maso anu: muziwerenga zimene ana alemba zisanaikidwe poyera, chifukwa mawu ambiri a m'Chichewa a phunziroli akuchita kuwasula okha.

Kwa inu agogo athu osoka maukonde, pempho lathu si la ndalama. Bwerani kusukulu Loweruka m'mawa ndi chingwe chanu, mudzamange pang'onopang'ono ana akujambula, mutiuzenso dzina limene mfundo iliyonse mumaitchula padoko.

Thandizo lililonse lifike kwa ahedi kapena kwa msungichuma wa komiti, ndipo lidzalembedwa m'buku ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa makolo wotsekera temu.

Ndife anu,
Komiti ya sukulu