Kalata ya Abusa: Ndani Amalimbitsa Dzanja Lanu mwa Mulungu?

Okondedwa mwa Ambuye, akuluampingo, madikoni, amayi a Mvano, abambo, achinyamata ndi nonse opembedza nafe,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate ndi Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale nanu.

Mwezi wathawu ndakhala ndikuyendera milaga yathu ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi mpaka ku Chikanda. Munandilandira bwino, ndipo ndikuthokoza. Koma pali mawu amene ndinawamva m'nyumba zingapo, kwa anthu osiyanasiyana amene sanapangane, ndipo mawuwo andisowetsa tulo. Tikatha kupemphera, ana atatuluka panja, munthu amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Abusa, nkhaniyi ndilibe womuuza." Amene ankanena zimenezi si alendo ayi. Ndi anthu amene timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu lililonse, oimba nawo kwaya, osonkha nawo pa maliro, ena foni zawo zodzaza ndi magulu a WhatsApp. Anthu owazungulira ndi ambirimbiri, koma woti n'kumutsegulira mtima palibe. N'chifukwa chake ndati ndikulembereni za ubwenzi. Achinyamata mundimvetse, sindikunena za chibwenzi cha mnyamata ndi mtsikana, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndikunena za mnzako weniweni, amene ukayenda naye zaka zisanu umapezeka kuti wakula mu nzeru, m'khalidwe ndi m'chikhulupiriro.

Ndikudziwa kuti mzinda wathu uno uli ndi vuto lakelake pa nkhaniyi. Zomba ndi malo a anthu obwera ndi kupita. Msilikali wa ku Cobbe Barracks lero ali nafe, mawa amusamutsa. Wapolisi, namwino, mphunzitsi, chimodzimodzi. Wophunzira wa ku Chirunga amakhala zaka zinayi, akangoti wazolowera, wanyamula chikwama. Ndiye ambiri tinaphunzira kumacheza mwapamwambamwamba, poopa kudzalira potsanzikana. Moni timapatsana wokoma, koma mtima timautsekera m'chipinda.

Titsegule 1 Samueli 23. Davide ali m'chipululu cha Zifi, mfumu Sauli akumusaka tsiku ndi tsiku. Anthu a ku Keila, amene Davideyo anali atangowapulumutsa kwa Afilisti, anali okonzeka kumupereka m'manja mwa Sauli. Taganizani kuwawa kwake: anthu amene wawakhetsera thukuta ndi omwewo ofuna kukugulitsa. Pa nthawi imeneyo Yonatani, mwana wa Sauli, ananyamuka kwawo, napita kunkhalango kumene Davide anabisala, ndipo ndime 16 ikuti anamlimbitsa dzanja lake mwa Mulungu. Mawu amenewa ndimawakonda kwambiri. Yonatani sanabwere ndi gulu la asilikali, sanamuchotsenso Davide m'chipululumo. Atatha kulankhulana, Yonatani anabwerera kwawo, Davide anatsala m'nkhalango momwemo, Sauli akumusakabe. Vuto linalipobe, koma munthu uja anali atakumbutsidwa lonjezo la Mulungu. Ndipo musaiwale kuti Yonatani ndiye anali mwana wa mfumu, woyenera kulowa ufumu. Pouza Davide kuti adzakhala mfumu ya Israele, iye n'kukhala wachiwiri wake, ankadzichotsera yekha mpando. Umenewu ndiye ubwenzi ndikuufuna pakati pathu: woyenda mtunda kukakupeza m'nkhalango mwako, wosachita nsanje ukamakwera, ndipo akamachoka iwe n'kutsala utagwira Mulungu mwamphamvu kuposa mmene anakupezera.

M'banja la Davide lomwelo muli bwenzi lina, ndipo ndikufuna tiliyang'anitsitse, chifukwa mabwenzi ambiri oononga sabwera ndi nyanga. Pa 2 Samueli 13 tikuwerenga za Amnoni ndi mnzake Yonadabu. Yonadabuyu sanali munthu wosasamala. Ndiye anazindikira kuti mnzake akuwonda, namufunsa chimene chikumudya. Amnoni anamuululira chilakolako chake choipa pa mlongo wake Tamara. Apa ndiye panali poti bwenzi linene kuti, "Ayi achimwene, zimenezo n'zonyansa, tiyeni tizisiye pompano." M'malo mwake Yonadabu anamupatsa nzeru ya mmene angachitire tchimolo: udwale dala, upemphe kuti Tamara adzakuphikire. Mapeto ake Tamara anachitidwa chipongwe, moyo wake n'kusweka, ndipo patapita zaka ziwiri Abisalomu, mlongo wake wa Tamara, anapha Amnoni. Nanga Yonadabu anali kuti tsiku limenelo? Anali pambali pa mfumu Davide, akufotokoza bwinobwino kuti mfumu isade nkhawa, wafa ndi Amnoni yekha. Akulu anati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Ikafika nthawi yotsika, amangoiponya pansi.

A Yonadabu alipo muno mu Zomba, ndipo ena amavala bwino Lamulungu. Ndi uja ukamudandaulira za mavuto a m'banja amakuuza kuti, "Pezani wina wapambali, mtima ukhale pansi." Ndi uja amauza wophunzira kuti ndalama ya fizi aiyese kaye pa kubetcha mpira, ibereka. Ndi uja amakuperekeza kwa wakatapila, koma tsiku lodzalanda katundu foni yake siipezeka. Ndi ujanso kuntchito amakuonetsa mmene anzako amadyera za boma, n'kumati aliyense amatero. Onsewa amakumvetsera, amakusekerera, ndipo pocheza nawo umamva kukoma. Paulo anachenjeza Akorinto kuti asanyengedwe, pakuti mayanjano oipa aipsa makhalidwe okoma (1 Akorinto 15:33). Anayamba ndi mawu oti musanyengedwe chifukwa aliyense wa ife amadziona ngati wolimba, woti anzake sangamusinthe.

Ndikuuzeni za ine mwini. Nditangoyamba utumiki, ndinali munthu waukali kunyumba. Ku tchalitchi ndinkalalikira za chikondi, anthu n'kumavomera, koma ndikafika pakhomo mawu anga ankasanduka minga. Ndinkati ndi kutopa ndi ntchito ya Mulungu. Tsiku lina mnzanga amene tinaphunzira limodzi za ubusa anabwera kudzacheza, nagona kwathu masiku awiri. Pomuperekeza kokwerera basi anaima panjira n'kundiuza kuti, "Achimwene, ulaliki wanu ndaumva ndipo ndi wabwino. Koma alamu anga aja sakusekanso ngati kale, ndipo ana akamva mapazi anu amangoti zii. Mukuwaononga." Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinakhala miyezi iwiri osamuimbira foni. Koma mawu aja anakana kuchoka, ndipo ndinayamba kuona ndekha zimene mlendo anaona m'masiku awiri okha. Ndinapepesa kwa mayi akunyumba ndi kwa ana, ndinalapa pamaso pa Mulungu, kenako ndinamuimbira mnzanga uja. Ndipamene ndinadziwa kuti miyezi iwiri yonseyo iye ankandipempherera. Anthu ambiri ankaona khalidwe langali, koma ankaopa kolala ya ubusa. Mmodzi yekha ndiye anandikonda mokwanira mpaka kulolera kuti ndimukwiyire. Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero makolo athu, ndipo Miyambo 27:6 ikuvomereza kuti kulasa kwa bwenzi kuli kokhulupirika.

Komatu kutsina khutu kuli ndi katsinidwe kake, ndipo apa ambiri timalakwa. Mnzanga uja sanandidzudzule pamaso pa ana anga. Sanakauze abusa anzathu. Anadikira tili awiri panjira, monga Ambuye analamulira pa Mateyu 18:15. Ife masiku ano mnzathu akalakwa nkhani imayamba yafika pa gulu la WhatsApp mwiniwake asanauzidwe. Pena timaiveka chovala cha pemphero: "Tiyeni tiwapempherere amayi akutiakuti, zinthu sizili bwino kwawo," kenako n'kufotokoza zonse mpaka za kuchipinda. Abale anga, imeneyo ndi miseche, ngakhale itathera ndi ameni. Ndipo ndi chifukwa chachikulu chimene anthu akunenera kuti alibe womuuza. Anayesapo kamodzi, nkhani yawo anakaimva ku msika wa Mpondabwino, basi anatseka pakamwa mpaka lero. Ngati munaululapo chinsinsi cha mnzanu, pitani mukapepese sabata ino.

Si nthawi zonse pamene bwenzi liyenera kulankhula. Anzake a Yobu atatu aja anachita bwino kwambiri masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa n'kumamufunira tchimo limene sanachite. Ife Amalawi kukhala pa siwa timadziwa. Chimene chimativuta n'kubwereranso patatha mwezi, anthu onse atabalalika, wamasiye atatsala yekha ndi ana.

Amayi achikulire mukukumbukira chinjira. Mayi ankasankha mnzake amene si mbale wake, n'kumatchulana kuti anjira. Ankapatsana mphatso, kuthandizana pa matenda ndi pa maliro, kusungirana zakukhosi, ndipo ubale umenewo unkadziwika ndi mabanja onse awiri. Sunali wongoyamba lero n'kutha mawa. Ndikuona kuti makolo athu anazindikira chinthu chimene ife tikuchitaya: mnzako wapamtima umachita kumusankha, n'kumusunga. Ku banki mkhonde timadziwa kusunga ndalama sabata ndi sabata osaphonya. Bwanji nthawi yocheza ndi kupemphera ndi mnzathu mmodzi imatisowa?

Kukula kumene ndikunena si kusiya machimo kokha. Bwenzi labwino limaona mphatso imene Mulungu anaika mwa iwe, iwe mwini usanaione. Saulo, amene ndi Paulo yemweyo, atatembenuka mtima, ophunzira a ku Yerusalemu ankamuopa, ndipo ndi Barnaba amene anamugwira dzanja n'kupita naye kwa atumwi. Pambuyo pake Barnaba yemweyo anapita mpaka ku Tariso kukamufunafuna, nabwera naye ku Antiokeya, kumene anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu. Paulo anadzatchuka kuposa Barnaba, koma sitiwerenga kuti Barnaba anachita nazo nsanje. Inu abambo amene muli ndi luso la ukalipentala, la zamagetsi kapena la bizinesi, pali mnyamata mu mpingo muno amene akungoyendayenda m'tauni, amene akusowa Barnaba wake. Inu amayi amene banja lanu lapirira zaka makumi atatu, pali mtsikana wangolowa m'banja chaka chatha amene akulira yekha. Chitsulo chinola chitsulo, koma mpeni ndi nola zikakhala kutalikirana palibe chimene chimathwa.

Ena mwa achinyamata munandifunsa ngati Mkhristu ayenera kucheza ndi Akhristu okhaokha. Ayi. Kuno timakhala ndi anansi athu Achisilamu ndi a mipingo ina, timagulitsa nawo pa msika, timalira nawo maliro, ndipo ambiri ndi anthu aulemu ndi okhulupirika amene tingaphunzireko zambiri. Khalani nawo mwachikondi. Ngakhale amene moyo wawo wasokonekera musawathawe, pakuti Ambuye wathu ankanenedwa kuti ndi bwenzi la amisonkho ndi ochimwa. Funso ndi lakuti, pa ubwenziwo ndani akukoka mnzake, ndipo akumukokera kuti? Mukaona kuti chiyambireni kuyenda ndi gulu linalake pemphero lazilala, bodza lakhala losavuta, ndipo mukubisa foni kwa akunyumba kwanu, musadikire kuti abusa adzakuuzeni. Kwa inu apabanja ndiwonjezere ichi: mnzanu amene simungathe kumutchula momasuka kwa amuna anu kapena akazi anu, ameneyo salinso mnzanu wamba.

Pa Marko 2 pali munthu wofa ziwalo amene ananyamulidwa ndi anthu anayi ku Kapernao. Atalephera kulowa pakhomo chifukwa cha khamu, anasasula denga n'kumutsitsira pamaso pa Yesu, ndipo Malemba akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Masiku amabwera pamene munthu sangathe kudzipempherera yekha, ndipo amafika kwa Ambuye pa mapewa a anzake. Tinaziona ndi maso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda kuno kummwera. Anthu anasungana m'nyumba zazing'ono, anagawana ufa wochepa womwewo, osafunsana mtundu kapena mpingo. Mtima umenewo tili nawo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti timautulutsa pa ngozi zooneka zokha, pamene mnzathu amene akumira mwakachetechete ndi ngongole, mowa kapena maganizo timangomudutsa.

Usiku umene anaperekedwa, Yesu anauza ophunzira ake kuti sawatchanso akapolo koma abwenzi (Yohane 15:15). Ananena izi akudziwa kuti Petro amukana ndipo enawo athawa usiku womwewo. Choncho inu amene munakhumudwitsidwa ndi anzanu mpaka munalumbira kuti simudzakhulupiriranso munthu, Ambuye akudziwa ululu umenewo. Koma atauka kwa akufa anawafunafuna omwe aja, nawakonzera chakudya m'mbali mwa nyanja.

Tsono ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, m'milaga yonse sabata ikubwerayi muwerenge 1 Samueli 23:14-18, ndipo aliyense aganizire munthu mmodzi, mwamuna kwa mwamuna mnzake, mayi kwa mayi mnzake, woti azikumana naye kawiri pa mwezi kuwerenga Mawu, kufunsana za moyo moona mtima ndi kupemphererana. Musadikire kuti wina akupezeni. Yonatani ndiye ananyamuka.

Chachiwiri chikukhudza abale athu amene ali ku ndende ya Zomba, ndi amene akulandira thandizo ku chipatala cha matenda a maganizo ndi ku chipatala chachikulu. Ambiri mwa iwo anzawo anawathawa tsiku lomwe analowa pa geti. Paulo ali m'ndende anakumbukira Onesiforo, amene sanachite manyazi ndi unyolo wake, koma atafika ku Roma anamufunafuna mpaka anamupeza (2 Timoteo 1:16-17). Amene mungathe kupita nafe kukawaona mwezi uno, perekani mayina anu kwa mkuluwampingo wa mlaga wanu, ndipo amene muli ndi sopo, shuga kapena zovala mubweretse kwa madikoni. Amene muli ndi nkhani yolemera ndipo simunapezebe womuuza, khomo la ku manse, kunyumba ya abusa, ndi lotsegula, bwerani tidzakhale pansi.

Mayi akunyumba akupereka moni kwa nonse. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mbusa wanu ndi mtumiki mnzanu mwa Khristu.